Kuzizira pa Phiri la Mulanje

Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo mphepo ya kumtundako si yofanana ndi ya kumudzi. Onyamula katundu wa alendo amanyamuka ku Likhubula dzuwa likuwala, koma m'miyezi ya June ndi July chiperoni chimagwa mwadzidzidzi, njira n'kusowa.

Choopsa kwenikweni ndi zovala zonyowa. Munthu amayamba kunjenjemera, kenaka amadzandira ndi kulankhula zosamveka ngati woledzera. Anzake asamuseke. Amulowetse m'nyumba yogona apaulendo, monga ya ku Chambe, amuvule zonyowazo ndi kumufunditsa bulangete. Ngati akutha kumeza, amupatse tiyi wotentha wothira shuga. Kachasu ayi, pakuti amatulutsa kutentha m'thupi.

Kunjenjemera kukaleka thupi likadali lozizira, ndiye kuti zafika poipa. Wodwalayo anyamulidwe mosamala kupita kuchipatala.