Phunziro: Njuga ya pa Foni ndi Ndalama za Munda

Mlimi amagwira ndalama zambiri kamodzi pachaka, akagulitsa chimanga, soya kapena nsawa. Masiku ano ndalamazo zimafikira pa Airtel Money kapena MTN MoMo, pa foni yomweyo imene anthu amabetchera mpira. Kampani ya njuga imawerengeratu kuti zolipira opambana zikhale zochepa kuposa zimene onse abetcha. Choncho amene abetcha nthawi yaitali amataya ndithu.

Dzifunseni moona mtima. Kodi mukadyedwa mumabetchanso kuti mubweze zotayika? Kodi mumabisira akazi anu kapena amuna anu? Munayamba mwakongola, kapena kugulitsa mbuzi, nkhuku kapena thumba la feteleza chifukwa cha njuga? Ngati mwavomera funso limodzi lokha, njuga yayamba kukulamulirani.

Mukangogulitsa zokolola, gulani mbewu, feteleza ndi zofunika za ana kusukulu. Zotsala sungani ku banki ya m'mudzi, osati pa foni. Fufutani mapulogalamu onse obetchera. Musalimbane nalo nokha vutoli: uzani a m'banja mwanu, mkulu wa mpingo kapena mlangizi wanu. Mvula ya Novembala ikagwa, munda udzafuna mbewu ndi feteleza, ndipo sudzadikira kuti mupambane kaye.