Mawu achingerezi a pa mankhwala: adziweni musanamwe

Mankhwala ambiri omwe timalandira kuchipatala kapena kugula ku famase amabwera ndi malangizo a m'Chingerezi, ndipo adokotala polemba m'buku lanu la kuchipatala amadula mawu. Musade nkhawa kuti sukulu simunapite nayo patali. Mawu ofunika kwenikweni ndi ochepa: onena nthawi yomwera, ndi onena zomwe zingachitike m'thupi.

Nthawi yomwera

Once daily, kapena od, ndi kamodzi pa tsiku, nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse. Twice daily, kapena bd, ndi kawiri, m'mawa ndi madzulo, motalikirana maola pafupifupi 12. Three times daily, kapena tds, ndi katatu, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Wina amamwa m'mawa, chakumasana ndi masana, basi wamaliza dzuwa likadali pamutu, kenaka usiku wonse m'magazi mulibe mankhwala. Atalikitseni: 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana, 10 koloko usiku. Nocte ndi usiku pogona.

Mawu akuti when necessary, kapena prn, akutanthauza kuti mumwe pokhapokha pakafunika, monga mukamva kupweteka. Komatu ali ndi malire. Munthu wamkulu asapitirire mapilitsi 8 a Panado wa 500mg pa tsiku, ndipo pazidutsa maola osachepera 4 asanamwenso, chifukwa Panado wochuluka amawononga chiwindi.

With food ndi kumwa pamodzi ndi chakudya. Mankhwala a malungo a LA amalowa bwino m'thupi pakakhala chakudya cha mafuta, monga mkaka kapena phala lothira nsinjiro. Amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku 3. Malizani onse ngakhale thupi litazizira tsiku lachiwiri; osasungira mwana wina otsalawo.

For external use only: awa ndi opaka, osamwa. Shake well: khutchumulani botolo musanathire pa supuni. EXP ndi mwezi ndi chaka chomwe mankhwala athere ntchito.

Fever si malungo nthawi zonse

Kwathu kuno thupi likangotentha timati ndi malungo. Fever ndi kutentha thupi chabe, ndipo kumabwera ndi chibayo, matenda a m'khutu, a m'chikhodzodzo, ngakhale chimfine. Malaria ndiye malungo enieni a udzudzu, ndipo amadziwika poyeza magazi a pachala. Kumwetsa LA mwana yemwe ali ndi chibayo ndi kutaya masiku pamene matenda akukula. Khanda losakwana miyezi 2 likatentha thupi, thamangirani nalo kuchipatala tsiku lomwelo.

Zomwe mankhwala angayambitse

Pa kapepala ka m'bokosi pali mawu akuti side effects, ndiye kuti zovuta zomwe ena amamva akamwa mankhwalawo. Nausea ndi nseru, vomiting ndi kusanza, dizziness ndi chizungulire, drowsiness ndi kuwodzera, itching ndi kuyabwa, constipation ndi kudzimbidwa, diarrhoea ndi kutsekula m'mimba. Mndandanda wake umatalika moti wina angaope n'kumwa komwe, koma yang'anani mawu oyandikana nawo. Commonly ndiye kuti zimachitikachitika, occasionally ndi mwa apo ndi apo, rarely ndi mwa kamodzikamodzi. Mukawona drowsiness, musayendetse galimoto kapena njinga yamoto mutamwa. A kabaza, mawu amenewa ndi anu.

Liwu lomwe sitiseweretsa ndi immediately, kutanthauza pompopompo. Rash ndi zotuluka pakhungu. Zikabwera ndi matuza, zilonda m'kamwa kapena maso ofiira mutayamba mankhwala monga Bactrim, lekani kumwa ndipo pitani kuchipatala osadikira kuti kuche. Chimodzimodzinso swelling, kutupa, makamaka kwa nkhope, milomo kapena lilime. Komanso shortness of breath, kubanika. Ndi convulsions, kukomoka kogwedeza thupi.

Musachoke pawindo lolandirira mankhwala musanamve bwino. Bwerezani nokha: "Ndiye ndizimwa awiri m'mawa, awiri madzulo, masiku asanu?" Wopereka mankhwala akuwongolani ngati mwaphonya. Mukafika kale kunyumba, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena imbani Chipatala cha pa Foni.