Kiyi wa okala ali m'thumba, nanga wa pa foni akusunga ndani?

Tsiku lolandira malipiro m'maesiteti a tiyi ku Thyolo, amalonda a m'dera la Mfumu Yaikulu Nchilamwela sapuma. Wa okala, wa kaunjika ndi ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba amagwira ndalama zochuluka kuposa masiku ena onse, ndipo zambiri mwa izo sizigona m'kabati, zimagona mu foni. Ambiri a ife tinakulira m'makomo a malonda otere. Tikapita kutchuthi, makolo amatipatsira ifeyo foni kuti tiwaikire nambala yachinsinsi. Fizi yathu imachokera mu foni yomweyo, choncho tiyeni tione zimene timawaikira.

Tiyambe ndi masamu. Nambala yachinsinsi ya manambala anayi ingakhale iliyonse kuyambira 0000 mpaka 9999, kutanthauza kuti zilipo 10,000. Wakuba sangaziyese zonse, chifukwa akalakwitsa kangapo akaunti imatsekeka. Ndiye amayamba ndi zodziwika: 1234, 0000, kenako chaka chobadwa. Zaka za pakati pa 1950 ndi 2010 zilipo 61 zokha. Komanso chaka chathu chobadwa chinalembedwa pa chiphaso cha unzika, chimene ambiri timachilonga kuseri kwa foni kapena m'kachikwama kamodzi ndi foniyo. Wotola kachikwamako watola loko pamodzi ndi kiyi wake. Nambala yabwino ndi imene ilibe ubale ndi moyo wathu: isakhale chaka, isakhale mapeto a nambala ya foni, isakhale ya njinga yamoto.

Facebook, imelo ndi akaunti ya ku banki ya pa intaneti zimafuna mawu achinsinsi otalikirapo. Kale tinkauzidwa kuti tizisakaniza zilembo zazikulu, manambala ndi zizindikiro, n'kumasintha miyezi itatu iliyonse. Zotsatira zake anthu ankaiwala, ndiye ankangolemba Thyolo1, kenako Thyolo2. Mu 2017 bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linasintha malangizo ake: chachikulu ndi kutalika kwa mawuwo, ndipo kusintha kuzichitika pakakhala chikayikiro choti wina wawadziwa. Apa Chichewa chimatithandiza. Tingatenge mawu anayi osagwirizana, monga khasu, mtambo, usipa ndi belu, n'kuwalumikiza. Sativuta kukumbukira, koma makina olosera amatenga nthawi yaitali kuti awapeze. Mwambi kapena vesi lotchuka siliyenera, chifukwa aliyense amalidziwa. Ndipo anayi tatchulawa musawagwiritse ntchito, poti asindikizidwa kale.

Akaunti iliyonse ikhale ndi mawu akeake. Imelo ndiyo yofunika kuiteteza koposa, chifukwa tikaiwala mawu a maakaunti ena, atsopano amatumizidwa kumeneko.

Koma kunena zoona, amene amagwetsa malonda kwathu nthawi zambiri si katswiri wa kompyuta wa kutsidya kwa nyanja. Ndi munthu woimba foni mwaulemu, wodzitcha wa ku kampani ya foni, amene akuti akaunti itsekedwa lero lomwe tikapanda kumuuza nambala. Kampani kapena banki siifunsa nambala yachinsinsi. Winanso amatumiza uthenga woti watumiza manambala asanu ndi imodzi molakwitsa, timubwezere. Manambalawo ndi olowera pa WhatsApp yathu. Tikangomupatsa, amayamba kupempha ndalama kwa makasitomala ndi abale m'dzina lathu, ndipo mbiri ya bizinesi imene inamangidwa zaka zambiri imaonongeka masana amodzi. WhatsApp ili ndi loko wachiwiri pa Settings, Account, Two-step verification. Kuika kwake sikutenga mphindi zisanu.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya m'nyumba. Mayi akapita kukapikula katundu ku Limbe, okala imatsala ndi mphwake kapena mnyamata waganyu, ndipo nambala amauzidwa. Pakutha chaka oidziwa akwana asanu. Ndalama zikasowa palibe wolozedwa chala, koma ubale umasokonekera. Kusintha nambala munthu akasiya ntchito ena amakuona ngati kumuyesa wakuba. Ife tikuona kuti n'chimodzimodzi ndi kulandira kiyi wa chitseko kwa amene wachoka, ndipo ndi bwino kumuuziratu tsiku loyamba ntchito kuti ndi mmene timachitira ndi aliyense. Ngati n'kotheka, foni ya pa okala izisunga ndalama za tsikulo basi, zotsala zizisamutsidwa madzulo.

Nanga kulemba? Kwa agogo amene amaiwala, kope losungidwa m'sutikesi kunyumba n'labwino kuposa kuika 1234. Lisakhale kope la ngongole lomwe limagona pa kauntala, limene aliyense wobwera kudzaona ngongole yake amalitsegula.