Pamene Womasulira Alakwa

Anzanga, tonse a kuno kwa Njewa ticidziwa cigayo. Mai akatumiza mphale youma bwino, koma ufa n'kubwera wodzala misere, sathamangira kukalipira mwana amene anamtuma. Amayamba afunsa ngati sefa ya m'cigayomo yabooka kapena yasinthidwa. Nzeru yomweyi ifunikanso kwa anthu okonza mapulogalamu a m'foni, ndipo ndilo phunziro lathu lero.

Foni simva Cicewa kapena Cingerezi. Imamva manambala awiri okha, 0 ndi 1. Wolemba pulogalamu amalemba m'cinenero conga Java, Kotlin kapena Swift, ndipo pali pulogalamu ina, dzina lace compiler, imene imasandutsa zolembazo kukhala malamulo amene makina angathe kutsata. Iri ngati womasulira wa m'bwalo la milandu. Mmodzi wa anthu oyamba kupanga womasulira wotere anali mai wa ku America, Grace Hopper, m'caka ca 1952.

Womasulirayu amakonzedwa kawirikawiri kuti azifulumiza nchito, ndipo nthawi zina pokonzapo cinthu cimene cinali bwino dzulo cimaonongeka. Akatswiri amachula bvuto lotere regression, ndiko kuti kubwerera m'mbuyo. Imeneyi si nthano ai. Mu July 2014 Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux, anapeza kuti compiler yochedwa GCC 4.9.0 inali kumasulira molakwa mbali ina ya Linux, makina n'kumaima. Olemba analemba bwino, wolakwa anali womasulira. Ndipo Linux ameneyu ndiye maziko a mafoni a Android.

Tsono tiyerekeze kuti mwalemba pulogalamu yothandiza amai ogulitsa tomato pa msika wa Chinsapo kusunga maina a amene atenga pa ngongole. Mwezi watha inali kuyenda bwino. Lero ikungodzitseka, ndipo mai wina sakudziwa amene ali ndi ndalama zace. Mudzatani?

Coyamba, cititsani bvutolo kuti licitikenso pamaso panu. Lembani mtundu wa foni ndi malo amene mwadina. Nthenda imene simunaione simungathe kuiciza.

Caciwiri, werengani mbiri imene foni imasunga. Pa Android ciripo cida cochedwa Logcat, cimene cimaonetsa mzere umene pulogalamu inagwera.

Cacitatu, sinthani cinthu cimodzi cokha. Tengani zolemba zomwezo, osasintha ngakhale cilembo cimodzi, muzimasulire ndi compiler yakale, kenaka ndi yatsopano. Ngati ya compiler yakale iyenda, koma ya yatsopano igwa, mwaupeza mkwaso. Mukasintha zinthu ziwiri pamodzi simudzadziwa cimene cathandiza.

Cacinai, gawani pakati. Tinene kuti pakati pa compiler yakale ndi yatsopano anthu anasinthapo zinthu 64, cimodzi pambuyo pa cinzace. Musayese zonse. Yesani compiler monga inaliri atasintha ca nambala 32. Pulogalamu ikagwa, colakwa ciri mwa 32 zoyambazo. Ikayenda, ciri mwa zotsalazo. Gawaninso pakati: zitsala 16, kenaka 8, 4, 2, mpaka cimodzi. Mwayesa ka 6 kokha. Cida cochedwa Git, cimene Torvalds yemweyo anapanga m'caka ca 2005, ciri ndi lamulo lakuti git bisect locitira nchito yomweyi.

Cacisanu, cotsani mizere yosafunika kufikira patatsala kapulogalamu kakang'ono kamene kagwabe, mukatumize kwa eni compiler kuti akonze. Podikira yankho, bwererani ku compiler yakale, kuti amai aja apeze maina ao.

Koma cenjerani, anzanga. Nthawi zambiri wolakwa ndife olembafe. Compiler yakale imatha kulekerera colakwa cathu, yatsopano n'kungociulula. Cifukwa cace dina la mlandu lisagwere womasulira musanawerengenso zolemba zanu mzere ndi mzere, ndi kupatsa mnzanu kuti aonemonso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wodekhayo amapindula ngakhale m'kalasi la masamu: samu ikakana, sang'amba tsamba lonse, koma amafuna mzere woyamba umene anapatukira njira.

Yesani kuyankha mafunso awa:

1. Kodi nchito ya compiler n'ciani?
2. N'cifukwa ninji tiyenera kusintha cinthu cimodzi cokha poyesa?
3. Ngati zinthu zosinthidwa ziri 1,024, mudzayesa kangati pogawa pakati?

Amene apeze yankho la funso lacitatu alifotokozere anzace a m'kalasi mwace, pamodzi ndi njira imene walipezera.