Kuchiza khansa ya m'mapapo yofalikira msanga

Funso: N'chifukwa chiyani odwala khansa ya m'mapapo yotchedwa small cell amalandira chithandizo cha mitundu ingapo pamodzi?

Yankho: Mwa odwala khansa ya m'mapapo 100 alionse, pafupifupi 15 amakhala ndi mtundu umenewu, makamaka osuta fodya. Khansayi imakula msanga ndipo kawirikawiri imadziwika itafalikira kale, choncho opaleshoni sithandiza kwenikweni.

Madokotala amapereka etoposide pamodzi ndi cisplatin kapena carboplatin, mankhwala oyenda m'magazi n'kumapha maselo a khansa. Matendawa akakhala mbali imodzi yokha ya chifuwa, amawotchanso chotupacho ndi makina a radiotherapy. Akafalikira, amawonjezera mankhwala othandiza chitetezo cha m'thupi, monga atezolizumab amene anavomerezedwa kuchiza khansayi ku America mu 2019.

Kuphatikizaku kumatalikitsa moyo, ngakhale kuti khansayi imayambiranso mwa odwala ambiri.