Kukhwimitsa Thanki Yatsopano ya Nsomba Mwamsanga: Mafunso ndi Mayankho

Ndagula thanki ya galasi, ndathiramo madzi, ndipo ndi oyera mbee. N'chifukwa chiyani mukundiletsa kuikamo nsomba lero?

Chifukwa chimene chimapha nsomba m'thanki yatsopano sichioneka ndi maso. Nsomba imatulutsa amoniya kudzera m'makha, ziwalo zimene imapumira, ndipo ndowe zake ndi zakudya zotsala zikamawola zimawonjezera wina. Kunyanja amoniyayu amasungunukira m'madzi ochuluka n'kutha. M'thanki ya malita 100 alibe kolowera. Amachuluka tsiku ndi tsiku, amawotcha makha, mpaka nsomba zimayamba kuyandama pamwamba zili kukamwa yasa. Anthu ambiri oyamba kumene kuweta nsomba m'nyumba amaluza nsomba zawo m'milungu iwiri kapena itatu yoyambirira, ndipo amaganiza kuti anagula zodwala kale. Nthawi zambiri nsombazo zinali bwinobwino, thanki ndiyo inali isanakhwime.

Thanki imakhwima bwanji?

Imakhwima pamene tizamoyo todya amoniya tachuluka mokwanira m'fyuluta, pamiyala ndi pamchenga. Ntchitoyi ili pawiri. Gulu loyamba, lomwe muli mabakiteriya a mtundu wa Nitrosomonas, limasandutsa amoniya kukhala nitrite. Nitrite nayenso ndi poizoni: akalowa m'magazi a nsomba, magaziwo amalephera kunyamula okosijeni ndipo amasanduka a bulawuni. Gulu lachiwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene nsomba zimatha kupirira ngati sanachuluke, ndipo mumamuchepetsa posintha madzi mlungu ndi mlungu.

Mabakiteriya amenewa anawafufuza bwino Sergei Winogradsky cha m'ma 1890. Kwa zaka zambiri mabuku a oweta nsomba ankanena kuti gulu lachiwirili ndi Nitrobacter, koma mu 1998 Timothy Hovanec ndi anzake anaonetsa kuti m'mathanki a madzi opanda mchere ntchitoyi imagwiridwa makamaka ndi Nitrospira.

Vuto lake ndi lakuti tizamoyo timeneti timaswana mwaulesi. Mabakiteriya ena, monga a m'matumbo, amatha kuwirikiza kawiri pa mphindi 20 zokha, pamene odya amoniya amatha kutenga pafupifupi tsiku lathunthu, mwinanso kuposa. N'chifukwa chake thanki yongoyambira pa galasi louma imatenga milungu 4 mpaka 6. Njira zonse zofulumizitsa zimene zili m'munsimu zagona pa zinthu ziwiri basi: kuyamba ndi mabakiteriya ambiri, ndi kuwapatsa malo oti aswane mosavutika.

Ndiye njira yachangu kuposa zonse ndi iti?

Kupempha siponji ya m'fyuluta kwa munthu amene thanki yake yakhala ikuyenda bwino kwa miyezi ingapo. Pa changu palibe njira ina yofanana nayo, ndipo ndimadabwa kuti anthu amathamangira kugula mankhwala odula asanayese imeneyi. Zili ngati kupala moto kwa mnansi: simuvutikanso kuyatsa, koma muyenera kuyenda msanga makala asanazime.

Siponji yabwino siikhala yokongola. Imakhala yabulawuni, yoterera, ndipo mukaifinya pang'ono pamatuluka matope onunkhira ngati dothi lonyowa. Matope amenewo ndiwo mukufuna. Musaitsuke. Iikeni m'jumbo kapena m'kachitini pamodzi ndi madzi pang'ono a m'thanki imene yachokera, musiye mpata wa mpweya pamwamba, muibise kudzuwa, ndipo ikafike m'fyuluta yanu pasanathe maola awiri kapena atatu. Ikauma, ambiri mwa mabakiteriyawo amafa. Muiike pamalo pamene madzi amadutsa asanafike pa siponji yanu yatsopano, kuti tizamoyo tizikokolokera kumeneko.

Mnzanuyo musamulande zonse. Gawo limodzi mwa magawo atatu a zomwe zili m'fyuluta yake n'lokwanira, ndipo thanki yake siivutika. Ngati muli ndi nthawi, pali njira ina yabwino koposa: musanagule n'komwe nsomba, mukasiye fyuluta yanu yatsopano kuti izigwira ntchito m'thanki yake pambali pa yakeyo kwa milungu itatu kapena inayi. Tsiku lobwera nayo kwanu idzakhala itakhwima kale.

Ndi siponji yokhwima bwino, ntchito ya mwezi ndi theka imatha kutha pa mlungu umodzi kapena iwiri. Chenjezo ndi limodzi: yang'anitsitsani nsomba za kumene mukupemphako. Ngati zili ndi timadontho toyera pathupi, zipsepse zonyenyeka, kapena kwafa nsomba posachedwapa popanda chifukwa chodziwika, siyani. Siponji imanyamula matenda monga mmene imanyamulira mabakiteriya abwino.

Nanga ndikangotunga madzi akale a m'thanki ya mnzanga?

Sathandiza kwenikweni. Mabakiteriyawa amakhala omatirira pa zinthu, ambiri sayandama m'madzi. Dzanja limodzi la timiyala ta pansi pa thanki yakale limaposa ndowa yonse ya madzi ake.

Ngati m'thanki mulibe nsomba, mabakiteriyawo adya chiyani?

Muwadyetse inuyo. Thanki yongokhala ndi madzi okhaokha, ngakhale itakhala mwezi wathunthu fyuluta ikuzungulira, siikhwima, chifukwa mulibe chakudya.

Njira yaukhondo ndi kudonthezera amoniya wa m'botolo kapena ammonium chloride mpaka choyezera chionetse mamiligalamu 2 pa lita. Amoniya wotsukira m'nyumba muchenjere naye. Gwedezani botololo: likachita thovu losatha msanga, muli sopo, ndipo si woyenera. Wonunkhiritsa nayenso ayi.

Ngati amoniya wotere sakupezeka, chakudya cha nsomba chimagwira ntchito. Muzithira pang'ono tsiku lililonse ngati kuti muli nsomba zingapo. Ena amamanga kachidutswa ka usipa wosathira mchere m'kansalu ka neti n'kukaika m'madzi kuti kawole. Zimatheka ndithu, koma zimachedwerapo chifukwa chakudyacho chiyenera kuyamba chawola, madzi amachita mbuu, m'chipinda mumanunkha, ndipo simungadziwe kuti mwathira amoniya wochuluka bwanji mpaka mutayeza.

Musaganize kuti mukathira wambiri ndiye kuti zifulumira. Amoniya kapena nitrite akapyola mamiligalamu 5 pa lita, ntchito imayamba kuchedwa. Zikafika pamenepo chotsani theka la madzi, muthire atsopano.

Kodi kutentha kwa madzi kuli ndi kanthu?

Kwambiri. Mabakiteriyawa amaswana bwino madzi akakhala pa madigiri 26 mpaka 30. Akatsika pansi pa 20 amachita ulesi woonekeratu. Munthu wa ku Dedza, ku Mzuzu kapena ku Blantyre amene wayambitsa thanki mu June kapena July popanda hita adikira nthawi yaitali kuposa wa ku Mangochi kapena ku Nsanje mu October. Popeza nsomba mulibe, ikani hita pa 28, mudzatsitse tsiku loikamo nsomba.

Chachiwiri ndi mpweya. Kusandutsa amoniya kumadya okosijeni wambiri, ndipo madzi ofunda sasunga okosijeni ngati ozizira. Fyuluta iziyenda usana ndi usiku, ndipo ngati muli ndi pampu ya mpweya, iyatseni kuti pamwamba pa madzi pazigwedezeka.

Chachitatu, chimene ambiri amachiiwala, ndi pH, muyeso wa asidi m'madzi. Ntchito ya mabakiteriyawa imatulutsa asidi, choncho pH imatsika pang'onopang'ono, makamaka ngati madzi a kwanu ndi ofewa. Ikafika cha pa 6.5 zinthu zimachedwa, ikayandikira 6 zimatsala pang'ono kuimiratu. Munthu amangodabwa kuti zonse zinkayenda bwino koma kwa masiku angapo palibe chikusintha. Mankhwala ake ali kukhitchini: soda wophikira, theka la supuni yaing'ono pa malita 50, mukuyeza musanawonjezere. Mukufuna pH ya pakati pa 7.5 ndi 8.

Madzi a pampopi ndi abwino?

Ndi abwino mukachotsa klorini. Klorini amathiridwa kuti aphe tizilombo m'madzi akumwa, ndipo sasankha, amaphanso a m'fyuluta yanu. Gulani mankhwala ochotsera klorini ndipo muzithira nthawi iliyonse imene mukuwonjezera madzi. Kusiya madzi m'ndowa usiku wonse kumathandiza ngati muli klorini wamba, koma m'mizinda imene amagwiritsa ntchito chloramine njirayi siigwira chifukwa iye sauluka. Madzi a pamjigo kapena pachitsime alibe klorini, komabe ayezeni, chifukwa ena amakhala ndi nitrate wochokera ku feteleza kapena ku zimbudzi zapafupi.

Ndipo siponji musadzaitsukire pampopi, kaya lero kaya chaka chamawa. Muziifinyira m'ndowa ya madzi amene mwangochotsa m'thanki.

Kwathu magetsi amazimazima. Kodi zonse zimawonongeka?

Ola limodzi kapena awiri si nkhani. Akakhalitsa, madzi a m'fyuluta yotsekeka amatha okosijeni, ndipo mabakiteriya amayamba kufooka. Tsegulani fyulutayo, mutulutse siponji ndi timiyala take n'kuziika m'thanki momwemo, pamene pali madzi ambiri. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire kapena kochajira pa sola n'kotchipa poyerekeza ndi nsomba zimene kangapulumutse. Ngati fyuluta yakhala yotseka tsiku lonse, inunkhizeni musanaiyatse. Ikamveka fungo la dzira lowola, tayani madzi a m'katimo, asapopedwere m'thanki.

Nanga mabakiteriya ogulitsa m'mabotolo aja?

Ena amagwira ntchito, monga Tetra SafeStart ndi Dr. Tim's One and Only, amene amakhala ndi mabakiteriya amoyo odya amoniya ndi nitrite. Koma chamoyo chimafa. Botolo limene layenda ulendo wautali m'kutentha, kapena lakhala miyezi pawindo la sitolo, likhoza kukhala madzi chabe. Onani tsiku lotha ntchito, funsani kumene limasungidwa, ndipo musakhulupirire mawu a pachikuto akuti mutha kuika nsomba tsiku lomwelo. Thirani, dyetsani amoniya, yezani. Ine ndimaliona ngati chothandizira munthu amene wasowa kopempha siponji.

Zomera zamoyo, makamaka zokula msanga ndi zoyandama, nazo zimayamwa amoniya ndipo zimabwera ndi mabakiteriya pamasamba ndi pamizu.

Ndikufuna kuweta mbuna. Pali chosiyana?

Chilipo, ndipo n'chofunika kuchimvetsa. Mbuna, nsomba za m'miyala za m'Nyanja ya Malawi zimene anthu amaweta m'nyumba ku Germany, ku America ndi ku Japan, zimafuna madzi ofanana ndi a kwawo, a pH ya pakati pa 7.7 ndi 8.6. Pa pH yotere mabakiteriya amaswana bwino, koma amoniya amalusa kwambiri. Madzi akakhala pa madigiri 25, gawo la amoniya limene limapha nsomba limakhala pafupifupi theka la 1 peresenti pa pH 7, koma pa pH 8 limapyola 5 peresenti. Ndiye kuti mlingo womwewo umene nsomba ina ingapirire m'madzi a pH 7 ndi woopsa pafupifupi kakhumi m'thanki ya mbuna.

Chinanso, mbuna n'zandewu. Yamphongo ikatenga mwala wake siifuna mlendo, ndipo yobwera pambuyo imathamangitsidwa mpaka kufa. N'chifukwa chake oweta mbuna amakonda kuziika zambiri nthawi imodzi kuti ukali ugawikane. Kuti zimenezi zitheke, fyuluta iyenera kukhala itakhwima kotheratu nsomba zisanafike. Malangizo aja akuti yambani ndi nsomba ziwiri n'kumawonjezera pang'onopang'ono sayenda bwino ndi mbuna.

Wina anganene kuti, nyanja ili pafupi, bwanji osakatapa mchenga ndi miyala komweko? Musatero. M'madera ena a m'mphepete mwa nyanja muli nkhono zofalitsa likodzo, ndipo simungafune kuziweta pabalaza pamene ana amapisa manja m'madzi. Komanso dera la Cape Maclear ndi zilumba zake lili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inawaika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Kumeneko sikotapa zinthu.

Ndaika kale nsomba ndisanamve zonsezi. Nditani?

Musataye mtima, koma ntchito ilipo. Yezani madzi tsiku lililonse. Amoniya kapena nitrite akafika theka la miligalamu pa lita, sinthani gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi, ngakhale theka, ndi madzi opanda klorini otentha mofanana ndi a m'thanki. Kusintha madzi sikuchotsa mabakiteriya, chifukwa ali pasiponji ndi pamiyala. Dyetsani pang'ono kwambiri, kamodzi pa masiku awiri, ndipo musawonjezere nsomba ina. Nitrite akakwera, mchere wamba pang'ono, supuni yaing'ono imodzi pa malita 40, umathandiza kuti asalowe kwambiri m'magazi a nsomba. Ndipo lero lomwe funafunani siponji yokhwima.

Ndidziwa bwanji kuti thanki yakhwima?

Poyeza, osati powerenga masiku kapena poyang'ana kuyera kwa madzi. Zoyezera za timadontho n'zodalirika kuposa timapepala toviika. Mumatunga madzi m'kabotolo kagalasi mpaka pamzere, kudonthezera mankhwala, kugwedeza, kudikira mphindi zisanu, kenako kuyerekeza mtundu wake ndi tchati muli pamalo owala.

Mudzaona zikuyenda motere: amoniya ayamba kutsika, nitrite akwera, ndipo akhala pamwamba kwa nthawi imene imatopetsa, chifukwa gulu lachiwiri limachedwa kuposa loyamba. Apa m'pamene ambiri amagwa ulesi n'kukagula nsomba. Pirirani, muzingothira amoniya pang'ono akatha. Tsiku lina mudzapeza nitrite wagwa mwadzidzidzi ndipo nitrate wakwera.

Pamenepo chitani mayeso omaliza. Thirani amoniya afike mamiligalamu 2 pa lita. Pakatha maola 24, amoniya ndi nitrite onse azikhala pa 0. Bwerezani mawa lake. Zikatero kawiri motsatizana, sinthani madzi opitirira theka kuti nitrate atsike pansi pa mamiligalamu 20 pa lita, tsitsani hita ifike pa 25 kapena 26, ndipo ikani nsomba tsiku lomwelo kapena lotsatira. Ngati nsomba zichedwa kufika, pitirizani kudonthezera amoniya pang'ono masiku awiri alionse, ndipo musiye kutatsala tsiku limodzi kuti zifike.