Kodi tchimo lingandilande chipulumutso?

Funso: Abusa, ndimagwira ntchito yopakira katundu ku Montague Gardens kuno ku Cape, ndimagona ku Dunoon. Akazi anga ali ku Dedza, koma kuno ndalowana ndi mayi wina. Chipulumutso changa chatha?

Yankho: Achimwene, mipingo imasiyana pankhaniyi. Akatolika amati tchimo lalikulu limachotsa chisomo mpaka munthu atakalapa kwa wansembe. Sinodi ya Nkhoma, yomwe inayambira ku Mvera mu 1889 ndi amishoni a Dutch Reformed ochokera ku Cape konkuno, imaphunzitsa kuti wosankhidwa ndi Mulungu amagwa ndithu, koma satayika (Yohane 10:28). Inenso ndimakhulupirira zimenezi. Komatu si chilolezo chochimwa ayi. Wosankhidwa amadziwika ndi kulapa, monga Davide mu Salimo 51. Tulukani m'nyumbamo, mukaonane ndi akulu ampingo. Mayi akunyumba ku Dedza amve kwa inu, asamve kwa obwera pa basi.